Kashopu ka khofi ku Zomba: momwe kayendera chigulireni

Nditangolandira makiyi a kashopu aka ndinalemba mokondwa kuti ndapeza bizinesi yoyenda kale, yokhala ndi makina a espresso (amagetsi, ofululira khofi), matebulo, makasitomala ake komanso wantchito wodziwa zonse. Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati mawu aja ndikadali nawo. Dzinja latha, chisanu cha Juni ndi Julayi chadutsa, ndiye ndingayankhe tsopano. Kashopu ndi kabwino ndipo sindikuganiza zokasiya, koma amene amalipira lendi si khofi ayi.

Amalipira lendi ndi tiyi wamkaka, masikono ndi mandasi. M'mawa kumabwera anthu a m'maofesi a boma, poti ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, kuno kunatsala MANEB, National Statistical Office ndi ena. Amenewa safuna zambiri: tiyi wa Chombe wotentha, shuga wokwanira, sikono ziwiri, basi ulendo. Khofi amamwa ndi alendo opita kuphiri ku Ku Chawe, a mabungwe ochokera ku Blantyre, ndi aphunzitsi angapo a ku Chanco, yunivesite ya kuno ku Zomba. Phindu pa kapu imodzi ya khofi ndi lalikulu ndithu, koma makapuwo ndi ochepa.

Makina a espresso aja ndiwo ankakweza mtengo wa shopu, ndipo ndiwo andivutitsa kuposa china chilichonse. Amafuna nthawi kuti atenthe, amadya mayunitsi ngati ng'ombe yolowa m'dimba, ndipo magetsi akangothima amangokhala chokongoletsa. Kalabala kena kamkati katayamba kudontha, Zomba yonse sindinakapeze. Kanachokera ku Johannesburg, pamtengo umene unandikumbutsa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Masabata amene tinkadikira tinkafulula khofi ndi French press, kachiwiya kapamanja kosafuna magetsi, madzi tikuwiritsa pa gasi, ndipo amene anadandaula anali ochepa kwambiri. Kachigayo kopera khofi ndiye nkosiyana. Kameneko sikanatikhumudwitsepo, ndipo fungo la khofi wongopera kumene limakoka munthu wodutsa pamsewu kuposa chikwangwani.

Khofi weniweniyo sasowa, ndi wathu womwe. Ndimaoda wa Mzuzu Coffee, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono kumapiri a kumpoto monga ku Misuku, ndi wa Satemwa ku Thyolo. Ndimagula pang'onopang'ono, chifukwa paketi ikatsegulidwa fungo silichedwa kuthawa. Mlendo akafunsa kuti khofiyu ngwakuti, ndikatchula Misuku kapena Thyolo, kawirikawiri amagulanso paketi yopita nayo kwawo.

Chuma chenicheni chimene ndinachipeza muno ndi mayi amene ankagwira ntchito ndi mwini wakale. Iwo amadziwa amene samwa shuga, amene amalipira pakutha pa mwezi, ndi amene ukamukongoza ndiye wamutaya. Tsiku lina nditafuna kuchotsa zitumbuwa pa kauntala poganiza kuti sizikugwirizana ndi malo a khofi, anangoti, "Achimwene, tazisiyani kaye mpaka Lachisanu, muwerenge nokha." Zitumbuwazo zikadalipo. Ndi iwonso amene anayambitsa zogula masitiroberi kwa anyamata otsika nawo kuphiri nkumaphika jamu wopaka masikono, ndipo nthawi yake ikakwana jamuyo sagona.

Nkhani ya ophunzira ndi yovuta kuigamula. Amabwera ndi laputopu, kuitanitsa tiyi mmodzi, kulumikiza chaja, nkukhala mpaka dzuwa kupendeka. Tebulo lagwidwa, mayunitsi akupita. Komabe ndi omwewo amene amajambula makapu athu nkuika pa WhatsApp, ndipo tsiku la graduation amabwera ndi makolo, azakhali ndi agogo omwe, shopu kudzaza mpaka panja. Ndinangosiya masoketi kumatebulo awiri a kukona, enawo ndi a anthu odzadya. Palibe amene anakwiya.

Koma sukulu ikatsekera, tauni imazizira. Ku Chikanda, kumene kumakhala ophunzira ambiri, zii, ma minibasi kuchepa anthu, ife masana onse kumangoyang'anizana. Lendi, malipiro a antchito, laisensi ya khonsolo ndi msonkho sizidziwa kuti kuli holide. Zolipira pa Airtel Money ndi Mpamba zandithandiza kuona bwino miyezi imene ndalama imalowa ndi imene imasowa, ndiye ndimapatula kangachepe nthawi ya mayeso, pamene tiyi amayenda mpaka madzulo.

Wina akakuuzani kuti akugulitsa kashopu kotere kuno, musakaone Loweruka la mu Julayi alendo atadzaza. Mukapite Lachiwiri lamvula, Chanco itatseka, mukhale pamenepo kuyambira m'mawa. Mupemphe mabuku a chaka chonse, mufunse ngati mwini nyumba avomera kuti lendi ipitirire m'dzina lanu, ndipo mulankhule ndi wantchito payekha musanasaine chilichonse.