Galimoto ikadwala kuchigwa: kwa dila ku Blantyre kapena kwa makaniko wa pa Nchalo?

Ine ndimayenda pa Sienta yochokera ku Japan, imene inalowera pa Songwe itayenda kale makilomita ochuluka. Alamu anga amayendetsa Hilux yatsopano ya kuntchito kwawo. Timakangana kawirikawiri za kumene galimoto iyenera kukonzedwera, ndipo ndaona kuti chimatisiyanitsa ndi galimoto zathuzo, osati nzeru.

Hilux ya alamu ili pa waranti, lonjezo la dila (kampani yogulitsa galimoto zatsopano) loti china chikawonongeka nthawi yake isanathe adzakonza mwaulere. Iwo alibe chosankha: nthawi ya sevisi ikakwana amakwera phiri kupita kwa dila ku Blantyre, buku la sevisi lidindidwe. Akapita nayo pansi pa mtengo kuti munthu wina atsegule injini, tsiku limene chinthu chachikulu chidzafe adzalipira okha. Kwa dila amapezanso sipeya yeniyeni, oyilo woyenera, ndi kompyuta yopangidwira mtundu umenewo wa galimoto. Zimenezi sinditsutsa.

Koma taganizani za ife a Sienta, Probox, Vitz ndi Note. Waranti tilibe. Galimoto zambiri zotere zinapangidwira msika wa ku Japan, choncho si sipeya iliyonse imene dila angakhale nayo pa shelefu. Ina imachita kuitanitsidwa, iwe n'kumadikira. Wonjezerani ulendo. Wa ku Nsanje ayende makilomita oposa 150, athire mafuta opita ndi obwerera, mwina agone konko. Ndipo ngati vuto lake ndi kutentha kwa injini, galimotoyo ikwera bwanji zokhotakhota za pamwamba pa Thabwa? Ndaonapo ambiri ataima pamenepo, boneti ili yasa, nthunzi ili tolo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya yatsopano umachititsa munthu kukhala kaye pansi.

Apa ndi pamene makaniko wabwino wakwathu amapambana. Amadziwa matenda a kuno. Amadziwa kuti fumbi la m'misewu yolowera m'midzi limatseka sefa ya mpweya msanga kuposa mmene buku likunenera, ndiponso kuti mabampu ndi maenje amatha mabushi ndi mashoko. Anakonzapo galimoto zimene zinamira nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndiye sangakulole kuliza injini imene yamwa madzi asanachotse mapulagi ndi kuona oyilo. Umaima pambali n'kumaona chimene akuchotsa. Akati, “Bwana, ichi chikhoza kuyendabe miyezi iwiri, koma ichi musachoke nacho pano,” umadziwa poyambira ndi ndalama yochepa imene uli nayo. Kwa dila umayankhula ndi wa pa kauntala, wogwira sipanala sumuona.

Ndanena kuti wabwino. Woipa amawononga kuposa msewu. Ndinaphunzirira pa galaja ina imene sinditchula, pamene mnyamata anathira madzi a pamjigo mu ladiyeta yanga. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, ife tonse timawadziwa pakamwa. M'kati mwa injini amabala dzimbiri ndi zokanirira zimene zimatseka timipaipi ta ladiyeta, ndiye mu Okutobala, dzuwa likafika madigiri 40, singano yoonetsa kutentha kwa injini imangokwera. Coolant, madzi a mankhwala opangidwira ladiyeta, amateteza ku dzimbiri komanso sawira msanga ngati madzi wamba. Ena akaona injini ikutentha amathamangira kuchotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini, n'kukataya. Kumeneko n'kubisa matenda: ladiyeta yotsekeka kapena fani yakufa imakhala ikadali pomwepo.

Chachiwiri ndi giyabokosi. Sienta, Note ndi Fit zambiri zili ndi CVT, imene imayendera lamba wachitsulo ndipo imafuna oyilo wakewake. Munthu akathiramo oyilo wofiira wa otomatiki wamba, lambayo amayamba kuterereka, mapeto ake mukusaka giyabokosi ina ku Limbe kapena ku Ndirande. Ndiye ndisanasiye kiyi ndimafunsa, “Achimwene, muthira oyilo wanji umu?” Akayankha kuti oyilo ndi oyilo basi, ndimatenga kiyi wanga. Ndimafunsanso ngati ali ndi kamakina kowerengera zolakwika pa kompyuta ya galimoto, chifukwa nyali ya injini ikayaka, kulosera kumadya ndalama zambiri kuposa kuyeza.

Pali ntchito zina zimene ngakhale makaniko wanga amakana yekha, ndipo n'chifukwa chake ndimamukhulupirira. Batire lalikulu la galimoto za hybrid (zoyendera petulo ndi magetsi) ngati Aqua lili ndi magetsi oti akhoza kupha munthu. Ma airbag, kiyi wa kompyuta akatayika, ndi ma injector opopera dizilo mu injini za galimoto zamakono, zonsezi amati pitani nazo kumtunda, kaya kwa dila kaya kwa katswiri wa zimenezo.

Panopa ndimachita chonchi: oyilo, masefa ndi coolant ndimagula ndekha ndikapita ku Blantyre, m'sitolo yopereka lisiti, chifukwa zachinyengo zachuluka. Ntchito amagwira makaniko wa pa Nchalo, sipeya yakale amandibwezera m'manja, ndipo ndimalemba tsiku ndi makilomita m'kabuku kamene kamakhala m'galimoto momwemo. Alamu akadali ndi waranti yawo, koma nambala ya makaniko wanga anaitenga kale.