Kuthandiza ma pub ku UK: msonkho wa mowa kapena wa nyumba?

Pali njira ziwiri zomwe boma lingapepukitsire ma pub pa misonkho. Njira yoyamba nayi. Kuyambira Ogasiti 2023 boma la UK likudula msonkho wa mowa potengera ukali wake, mowa ukakhala waukali msonkho nawo ukukwera, ndiye anaikanso ka chifundo ka mowa wa pampopi uja amathira m'tambula kuchokera m'migolo ya malita 20 kupita m'tsogolo, bola ukali usafike 8.5%. Cholinga nchoti pub isamagonje kwa masitolo akuluakulu ngati Tesco amene amagulitsa zitini motchipa. Mu bajeti ya Okutobala 2024 nduna ya zachuma Rachel Reeves anatsitsanso msonkho wa pampopiwu, akuti peni imodzi pa pint, tambula yopitirira pang'ono theka la lita. Peni imodzi abale! Komanso msonkhowu amalipira ndi kampani yofulula, ndiye kuti peniyo ifike kwa mwini bala zimadalira kampaniyo ngati yatsitsadi mtengo wa mgolo.

Njira yachiwiri ndi business rates, msonkho wa nyumba ya bizinesi omwe umapita kukhonsolo, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse bilu ikubwera basi. Ku England ma pub ankachotseredwa 75%, koma mu Epulo 2025 anatsitsa kufika 40%, mwezi womwewo National Insurance, msonkho womwe olemba ntchito amalipira pa malipiro a antchito awo, inakwera kufika 15%.

Ine ndiima ndi yachiwiriyi. Ya pampopi imakomera pub ya m'tauni yodzadza usiku wa mpira, koma ka pub ka kumudzi komwe Lachiwiri kumakhala madala atatu ndi galu sikagulitsa mowa wochuluka woti peniyo nkuoneka, chomwe chimakapweteka ndi bilu ya khonsolo ndi magetsi.