Bokosi linafika, koma msonkho tinalipira kawiri

Ndakhala ndikutumiza katundu kwathu kuchokera kuno kunja kudzera kukampaniyi kwa zaka zitatu. Chinandikoka n'chakuti eni ake ndi anthu akwathu omwe, anabwera kuno kudzasaka ngati ife. Amafika okha pakhomo ndi sikelo, kuyeza bokosi, kulikulunga ndi tepi mpaka kulimba ngati mwala. Pamenepo sindingawanene. Mbale zadothi za amayi zinafika osang'aluka n'imodzi yomwe.

Ulendo uno ndiye andikhumudwitsa. Mnyamata wawo anachita kunditsimikizira kuti, "Anti, zonse zilimo, msonkho womwe." Patatha masabata asanu ndinangoona uthenga pa WhatsApp kuti kontena aigwira a kasitomu.

Nkhani yake ndinaimva kwa achimwene, amene anakhalira kuyendera ofesi ya kampaniyi kwathuko. Mabokosi a anthu ambirimbiri amalowa m'kontena imodzi, ndipo kampani inalemba kuti onsewo ndi katundu wakale wa m'nyumba. A kasitomu potsegula anapezamo mafoni atsopano, akadali m'mapaketi. Katundu aliyense ali ndi nambala yake ya msonkho, HS code, ndipo malaya a ana sangakhale pa nambala imodzi ndi foni. Anawerengeranso zonse: mtengo wa katundu, ndalama yonyamulira, inshuwaransi, kenako VAT n'kukwera pamwamba pake. Kampani inakana chiwerengerocho, mkangano n'kutenga mwezi wathunthu, uku ndalama yosungira kontena ikukwera tsiku ndi tsiku. Ine wa malaya ndi mbale ndinalowa m'mlandu wa mafoni a eni.

Pomaliza a kampani anagawira tonse ngongoleyo mofanana, ati aliyense aombole bokosi lake. Nditadandaula anandiuza kuti ndione risiti. Zoonadi, palibe pamene analemba DDP, zilembo zosonyeza kuti wotumiza walipiriratu msonkho mpaka katundu kufika kwa mwini. Mawu a mnyamata uja anathera pakhomo panga pomwepo. Kulakwa kwanga n'kumeneko, ndikuvomera, chifukwa risiti ndinangoipinda n'kuika m'chikwama osawerenga.

Achimwene analipira, bokosi n'kutuluka patatha masabata khumi. A kampaniyi nyenyezi ndikuwapatsa ziwiri, zonsezo chifukwa cha tepi. Ndinawapempha chikalata cha a kasitomu chosonyeza msonkho wa bokosi langa lokha. Uthengawo anauwerenga Lolemba, mpaka pano ali zii.