Ulendo wa ku Beira: momwe ndikuuonera patatha miyezi 8

Tinapita ku Beira, ku Mozambique, mu Epulo, ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi apongozi anga. Amayi anzanga a kumpingo kuno ku Mufakose mu Harare akhala akundifunsa ngati kuli koyenera kutayirako ndalama za Khirisimasi. Ndayankha mochedwa dala, chifukwa titangobwera kumene ndinkangotama chilichonse.

Njira yake ndi ya ku Mutare, kuwoloka pachipata cha Forbes, kenako Chimoio, Inchope ndi Dondo, makilomita pafupifupi 550. Tinanyamuka tambala woyamba, tinafika dzuwa litapendeka.

Ofuna madzi oyera mbee ngati a ku Mangochi asadzivute. Mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope pomwepo, ndiye nyanja yake ndi yodera. Ana anakwinya nkhope tsiku loyamba, koma ku Macuti, pansi pa nsanja ya nyali yoongolera zombo ya mu 1904, anasamba mpaka milomo kuuma ndi mchere.

Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi Grande Hotel. Inatsegulidwa mu 1955, n'kutsekedwa mu 1963 chifukwa alendo olemera amene ankayembekezeredwa sanabwere. Lero muli mabanja ambirimbiri, zovala zili yaniyani m'makonde, mbaula zikufuka pamene panali pokhala mabwana. Ine ndinaima patali, ndinkachita manyazi kuyang'ana nyumba za eni ngati chionetsero. Apongozi anangolunjika kwa mayi wina wogulitsa tomato pakhomo.

"Mwaswera bwanji mayi? Madzi mumatunga kuti muno?"

Mayiyo anayankha m'Chisena, akuloza ndi dzanja, ndipo anamvana! Anakhala pansi theka la ola. Apongozi anachoka ku Ntcheu ali mtsikana, ndipo kuno kunja kwa mpanda amalankhula Chishona chokhachokha. Mpaka lero nkhani ya mayi uja amaibwereza kwa mlendo aliyense, za nyanja satchulako n'komwe.

Zowawa zinabwera pambuyo. Patatha masabata awiri mwana wamng'ono anatentha thupi, anamupeza ndi malungo. Kumene tinagona neti zake zinali zobooka, ife osalabadira, popeza kuno ku Harare malungo sitiwaopa kwenikweni. Nyamulani neti zanu, ndipo mwana akadwala mutabwerako uzani adokotala kuti munali kunyanja. Galimoto nayo sitinaitsuke kunsi, pofika Ogasiti dzimbiri linali litayamba kudya.

Nkhanu ndi nsomba zowotcha zinali zokoma, koma ana anaziiwala kale. Zitenje zinayi zimene ndinagula pamsika, eni ake amati kapulana, ndachapa kosawerengeka koma sizinasuluke.

Amayi anzanga, ngati muli ndi agogo pakhomo, atengeni. Ife tayamba kale kusunga ndalama zobwererako, chifukwa apongozi akuti anamulonjeza mayi wa tomato uja kuti adzamupatsa ufa wa mgaiwa.