Sitolo ya milamba pafupi ndi mtsinje wa James: nsomba ndi yabwino, koma wogula sauzidwa zokwanira

Sitolo imene ndikufotokoza pano ili m'chigawo cha Virginia ku America, kumunsi kwa mzinda wa Richmond, pafupi ndi mtsinje wa James, ndipo malonda ake aakulu ndi mnofu wa mlamba wa mtundu wa blue catfish wogwidwa m'mitsinje, osati woweta m'maiwe. M'miyezi yotentha, nsomba zambiri zimene imagulitsa zimachokera kwa asodzi amene boma linawalola kugwira milamba ndi magetsi, njira imene yakhala ikukanganitsa anthu a m'mbali mwa mitsinje imeneyi kwa zaka zoposa khumi. Ndakhala ndikugula kumeneko m'nyengo yotentha ndi yozizira yomwe. Pa kakomedwe ka nsomba ndilibe dandaulo lalikulu, koma pa zimene eni sitolo amauza wogula ndili nalo, ndipo dandaulo limeneli likukhudza pamene pagona mkangano wonse wa usodzi wa magetsi.

Mnofu wake ndi woyera, wolimba, ndipo sunyenyeka mu poto ngakhale muutembenuze kangapo. Fungo la matope limene anthu ambiri amaliopa pa mlamba sindinalimvepo pa nsomba ya m'nyengo yotentha, ndipo ndikaiyerekeza ndi mlamba woweta wa m'maiwe a ku Mississippi kapena nsomba ya pangasius yochokera ku Vietnam, zimene zimadzaza mafiriji a masitolo akuluakulu, iyi ili patsogolo pa kakomedwe ndi pa kulimba komwe. Ocheka amachotsa bwino khungu ndi minga, ndipo kawirikawiri amasenganso mzere wofiira wa mafuta umene umakhala kumbali ya khungu, umene ukasiyidwa umapatsa nsomba kakomedwe kolemera kosasangalatsa. Ndinkayang'anitsitsa ngati mnofuwo uli ndi timadontho ta magazi oundana, popeza magetsi amphamvu amatha kuvulaza msana wa nsomba ndi kuswa timitsempha, koma sindinatipeze. Nsomba imayalidwa pa ayezi wokwanira, pamalo ndi paukhondo, ndipo mtengo wake umakhala wotsika poyerekeza ndi wa nsomba ya striped bass kapena wa nkhanu zimene sitolo yomweyo imagulitsa. Ogulitsa ndi aulemu ndipo satopa kulangiza munthu za kaphikidwe.

Chimene wogula watcheru amayamba kuona m'chilimwe n'chakuti zidutswa za mnofu ndi zazing'ono ndiponso zofanana msinkhu. Zimenezi sizichitika mwangozi. Bungwe loyang'anira za usodzi wa malonda la Virginia Marine Resources Commission litaloleza usodzi wa magetsi, linapereka zilolezo zochepa kwambiri, pa mitsinje ya James, Pamunkey ndi Rappahannock, ndipo malamulo ake oyamba ankafuna kuti milamba yopitirira mainchesi 25, omwe ndi pafupifupi masentimita 64, isiyidwe m'madzi, kupatula yowerengeka chabe yopitirira pang'ono muyezowu. Choncho kachidutswa kakang'ono kamene kali pa ayezi kakusonyeza mgwirizano umene boma linayesa kupanga pakati pa magulu awiri osamvana: amene amaona mlamba umenewu ngati mlendo wowononga, ndi amene amauona ngati chuma.

Magulu onse awiri ali ndi pamene akuimira, chifukwa nsombayi sinabwere yokha. Kwawo kwenikweni ndi ku mitsinje ya Mississippi, Missouri ndi Ohio, ndipo ndi nthambi ya boma la Virginia yoona za nyama ndi nsomba imene inaithira mu James ndi Rappahannock m'zaka za m'ma 1970, kenaka m'mitsinje yothira mu York m'zaka za m'ma 1980, pofuna kuti owedza ndi mbedza apeze nsomba zazikulu. Cholinga chimenecho chinatheka kuposa mmene ankayembekezera. Mtsinje wa James unatchuka m'dziko lonselo, anthu anayamba kulipira eni maboti kuti akawapezetse milamba ikuluikulu yoti ajambule nayo zithunzi n'kuibwezera m'madzi, ndipo mlamba wa mtunduwu wolemera kwambiri pa yonse imene inalembedwapo kuti inagwidwa ndi mbedza, wa mapaundi 143, pafupifupi makilogalamu 65, unawedzedwa mu 2011 m'nyanja ya Kerr kumalire a Virginia ndi North Carolina. Chimene sanachiganizire n'chakuti nsombayi imapirira madzi amchere pang'ono, kotero inadutsa kuchoka mu mtsinje umodzi kupita mu wina mpaka kufika ku mtsinje wa Potomac ndi mitsinje ya m'chigawo cha Maryland, ikudya nkhanu, nkhono za pansi pa madzi ndi nsomba monga shad, herring ndi menhaden. Ofufuza anapeza kuti m'zigawo zina za James ndi Rappahannock, milambayi inafika pa magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa nsomba zonse zimene ankagwira poyesa.

Mmodzi wa ogulitsa, bambo wachikulire amene anagwirako ntchito pa maboti, ndiye yekha m'sitolomo amene amatha kufotokoza bwino kagwiridwe kake, ndipo zimene amanena zikugwirizana ndi zimene zimadziwika kuyambira pamene njirayi inayamba kuyesedwa pa malonda mu 2014 mothandizidwa ndi bungwe lofufuza za m'madzi la Virginia Institute of Marine Science. Boti limodzi limanyamula jenereta ndi kutsitsira mawaya m'madzi, ndipo magetsi amene limatulutsa amagunda modukizadukiza pang'onopang'ono. Mlamba, popeza ulibe mamba ndipo khungu lake limamva magetsi msanga, umachita dzanzi n'kuyandama pamwamba pa madzi ukuphiriphitha, pamene nsomba zambiri za mamba zimangodutsa osakhudzidwa kwenikweni. Maboti ena othamanga amatsatira, ndipo anthu amawola nsomba zoyandamazo ndi timaukonde ta m'manja. Imene yaphonyedwa imatsitsimuka pakapita mphindi zochepa n'kumira. Njirayi imafuna madzi ofunda ndiponso opanda mchere wambiri, n'chifukwa chake ndi ya m'chilimwe ndi ya kumtunda kwa mitsinje. Apa ndi pamene pachokera ubwino wa mnofu umene ndautchula, chifukwa nsomba imatuluka m'madzi ili yamoyo n'kulowa mu ayezi nthawi yomweyo, osagona usiku wonse itafa mu ukonde m'madzi otentha.

Ine ndili kumbali ya njira imeneyi, bola ikhale ndi malire, ndipo chifukwa changa chachikulu n'chakuti imapatsa msodzi mwayi wosankha. Ukonde umakola chilichonse chimene chadutsa, pamene wogwira kaukonde ka m'manja amaona nsomba asanaiwole ndipo akhoza kuisiya. Komabe madandaulo a otsutsa sindikuwapeputsa. Eni maboti otengera alendo kokawedza amanena kuti milamba ikuluikulu yachepa ndipo amaopa kuti malire a msinkhu akangofewetsedwa ntchito yawo yatha. Asodzi a maukonde ndi misampha amadandaula kuti boti la magetsi likadutsa pafupi, nsomba zimabalalika ndipo misampha yawo imavuulidwa yopepuka, komanso kuti munthu mmodzi wobweretsa nsomba zochuluka tsiku limodzi amagwetsa mtengo wa onse. Palinso funso la chilungamo, limene kwa ine ndi lolemera kuposa enawo: mtsinje ndi wa anthu onse, koma chilolezo chili m'manja mwa anthu owerengeka. Ndipo magetsiwo sasiyanitsa mlamba wobwera ndi mlamba wa mtundu wa white catfish, umene ndi mwini mitsinjeyi kuyambira kale, pamene m'mitsinje yomweyo ya James ndi Pamunkey mumaswananso Atlantic sturgeon, nsomba imene boma la America linailemba mu 2012 pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotheratu. Zinthu ngati zimenezi zimafuna woyang'anira amene amakweradi boti n'kuona zimene zikuwoledwa.

Tsopano ndifike pa kulephera kwa sitoloyi. Pa chikwangwani cha pa ayezi pamangolembedwa dzina la nsomba ndi mawu oti ndi ya m'mitsinje. Sipalembedwa mtsinje umene inachokera, njira imene inagwidwira, kapena kukula kwa nsomba imene mnofuwo unachekedwako. Bambo wachikulire uja akakhala kulibe, achinyamata otsalawo amapereka mayankho osiyana pa nsomba imodzimodzi, wina akuti ya magetsi, wina akuti ya ukonde. Wina anganene kuti zimenezi n'zongofuna kukhutiritsa chidwi cha wogula, koma nkhani yake ndi ya thanzi. Milamba imakhala zaka zambiri ndipo imadya nsomba zinzake, kotero mankhwala oipa a PCB otsalira m'matope a mitsinje amaunjikana m'mafuta ake pamene ikukula. Nthambi ya zaumoyo ya Virginia imachenjeza anthu kuti asadye milamba ya mtunduwu ya mainchesi 32 kapena kupitirira yochokera m'chigawo cha James cha kumunsi kwa Richmond, ndiponso kuti yaing'onoyo azidya moyeza. Sitolo yoima pafupi ndi mtsinje womwewo, imene imagulitsa kwa amayi oyembekezera ndi mabanja a ana aang'ono, inayenera kupachika chenjezo limeneli poonekera. Chodabwitsa n'chakuti kubisa kumeneku kumaluzitsa sitolo yomwe, chifukwa nsomba yake ya m'chilimwe ndi yaing'ono, ndipo ikanangolemba zoona ikanapeza chifukwa champhamvu chokopera ogula.

M'malo mwa chenjezo, pakhoma pali chithunzi chachikulu cholimbikitsa anthu kudya mlamba kuti apulumutse nyanja ya Chesapeake, kumene mitsinjeyi imathira. Cholinga chake ndi chabwino, koma chikulonjeza zoposa zimene mbale ya nsomba ingachite. Akatswiri ambiri amavomereza kuti mlamba umenewu sungathenso kuchotsedwa m'mitsinjeyi, ndipo chimene chingatheke ndi kuuchepetsa m'malo ena kuti nkhanu ndi nsomba zina zipume. Ngakhale kuchepetsako kumadalira msika kuposa mphamvu ya jenereta. Lamulo la zaulimi la boma la America la 2008 linasamutsa udindo woyendera milamba kuchoka ku bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA kupita ku unduna wa zaulimi wa USDA, ndipo kuyambira mu 2017, pamene linayamba kugwira ntchito mokwanira, fakitale yocheka milamba imagwira ntchito moyang'aniridwa ndi oyendera a boma monga zimakhalira kophera ng'ombe ndi nkhuku. Mafakitale aang'ono ambiri anaona kuti ndi mtolo wolemera, ndipo msodzi amagwira zokhazo zimene fakitale yamuuza kuti ilandira tsiku limenelo. Mapaketi a m'sitoloyi amakhala ndi chidindo cha USDA, zimene ndikuziyamikira, koma izi ndi zimenenso zimachititsa kuti masiku ena nsomba ithe dzuwa lisanafike paliwombo pamene mtsinje uli wodzaza ndi milamba.

M'nyengo yozizira malonda amasintha popanda chidziwitso chilichonse. Magetsi sagwiranso ntchito m'madzi ozizira, choncho chimene chimakhala pa ayezi ndi nsomba ya maukonde kapena ya m'chilimwe imene inaumitsidwa mu firiji n'kusungunulidwa, ndipo mtengo susiyana kwenikweni. Yosungunulidwayo imatulutsa madzi ambiri mu poto ndipo imafewa, komabe ndi yodyeka bwino ikaphikidwa ndi msuzi. Ya maukonde imabwera ndi zidutswa zokhuthala kwambiri, zina zokhala ndi mafuta achikasu m'mphepete, chizindikiro choti zinachekedwa ku nsomba zazikulu, ndipo zimenezo ine ndimazisiya. Amene akufuna kugula kumeneko apite pakati pa June ndi September, afike m'mawa, asankhe zidutswa zopyapyala, ndipo afunse wogulitsa mtsinje umene nsombayo inachokera ndi tsiku limene inafika. Akapanda kupatsidwa yankho lomveka, apemphe kuona bokosi limene nsombayo inabweramo, chifukwa pamenepo pamakhala dzina la fakitale imene inaicheka, ndipo ogulitsa sanandikanizepo kuliona.