Ajenti opereka adiresi ya ku America anandithyolera camshaft ya 351 Cleveland

Katundu amene ambiri a ife timatumiza kuchokera kuno ku Johannesburg ndi wopita kumudzi, ndipo mavuto a mabasi odutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza tonse timawadziwa. Ine ndikufuna kuchenjeza anzanga, makamaka amakaniko, za njira ina, yoitanitsira zida za galimoto kuchokera ku America kudzera mwa ajenti amene amakupatsani adiresi ya kumeneko, chifukwa njira imeneyi yandidyera ndalama zimene ndinakonza zogulira feteleza wa amayi anga.

Ntchito yake inali ya Ford Fairmont GT ya 1971, ya bambo wina wachikulire amene anaiimika m'garaja kwa zaka zambiri. Magalimoto amenewa ankalumikizidwa konkuno ku South Africa potengera Falcon GT ya ku Australia, ndipo ali ndi injini ya V8 yotchedwa 351 Cleveland, ya malita 5.8, imene Ford inasiya kupanga ku America mu 1974. Titaimasula tinapeza masilinda atadyeka, choncho buloko tinaipereka kwa anthu a makina kuti aikuze ndi 0.030 ya inchi, osapitirira pamenepo, pakuti makoma a masilinda a Cleveland ndi opyapyala. Panafunika mapisitoni a muyeso watsopanowo, maringi, magasiketi, ndiponso thermostat yakeyake (kachida kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha), chifukwa mukaikamo ya injini ina ya Ford yotchedwa Windsor madzi ambiri amangozungulira m'katimo osapita ku rediyeta ndipo injini imatentha. Mwini galimoto anafunanso camshaft (chitsulo chachitali chozungulira chimene chimatsegula mavavu a injini) yaukali pang'ono kuposa yobadwa nayo, pamodzi ndi ma lifter ake, tizitsulo timene camshaft imakankha potsegula mavavuwo.

Zidazi ndinazipeza kwa ogulitsa anayi, koma awiri mwa iwo sankatumiza katundu ku Africa, ndiye ndinalembetsa kwa ajenti a pa intaneti amene nyumba yawo yosungiramo katundu ili m'chigawo cha ku America chosalipiritsa msonkho wogulira zinthu. Maphukusi onse anayi atafika kwa iwo, ananditumizira uthenga wokoma wakuti angathe kuwaphatikiza m'katoni imodzi kuti mtengo wa ndege utsike. Zimenezi n'zoona ndithu, chifukwa onyamula katundu pa ndege amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, kenako amakulipiritsani chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi kulemera kwenikweni. Ndinavomera. Chimene sanandiuze n'chakuti kuphatikizako kumatanthauza kutaya mabokosi amene zida zinabweramo.

Analonjeza sabata imodzi, koma katoniyo inandipeza patatha masabata atatu. Msonkho wa boma sindikuudandaula chifukwa ndinali nditauwerengera kale: VAT ya 15 peresenti imawerengedwa pa mtengo wa katundu atauwonjezera 10 peresenti ndi msonkho wolowetsera. Chimene chinandipsetsa mtima ndi ndalama zina ziwiri zimene sizinatchulidwe paliponse pamene ndinkalipira poyamba, ina yoombolera katundu ndi ina yosungira. Masiku osungirawo anachuluka chifukwa ajentiwo anaiwala kumata ma invoice (mapepala osonyeza mtengo wa katundu) a ogulitsa awiri pa katoni, ndipo zinatenga masiku angapo kuti andiuze kuti vuto ndi limenelo. Kulakwa kunali kwawo koma wolipira ndinali ine, pakuti popanda kutero katunduyo sakanatuluka.

Nditanyamula katoniyo ndinamva chitsulo chikugubuduka m'katimo, ndipo mtima unandiuziratu. Camshaft anali ataitulutsa m'bokosi lake lalitali, n'kuikulunga ndi pulasitiki yopyapyala, n'kuigoneka chopingasa pansi, ndipo mapisitoni asanu ndi atatu anali pamwamba pake. Inali itathyoka pawiri chapakatikati. Pothyokapo panali potuwa ndi pamchengamchenga ngati pamene pasweka mphika wachitsulo wa miyendo itatu, chifukwa camshaft zotere n'zachitsulo chosungunula chimene sichipindika, chimangoduka. Chidutswa chimodzi chinali chitakandanso pisitoni imodzi m'mbali, mwamwayi pang'ono pokha moti tinatha kuisalaza.

Inshuwaransi ndinali nditalipira, kotero ndinatumiza zithunzi tsiku lomwelo. Yankho linali lakuti amabweza ndalama pa katundu wosweka pokhapokha ngati anali m'bokosi la wopanga. Ndinawakumbutsa kuti bokosilo anataya ndi iwo omwe. Anandiyankha kuti ndinavomereza ndekha pamene ndinasankha zophatikiza, ndipo anandilozera chiganizo cha timalemba ting'onoting'ono chimene palibe munthu wogwira ntchito amene angakhale nacho nthawi yochiwerenga. Kalata iliyonse inkayankhidwa ndi munthu wina, ndipo aliyense ankafuna kuti ndifotokozenso kuyambira pachiyambi. Pamapeto pake anati adzandichotsera kangachepe pa katundu wotsatira, ngati kuti ndingabwererenso.

Camshaft yachiwiri ndinagula ndi ndalama zanga, chifukwa ajentiwo ndinawasankha ndine ndipo sindikanatha kumuuza mkulu uja kuti alipire kawiri. Ulendo uno ndinadzera mwa achimwene a mnzanga amene amakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri. Ndalama ndinawatumizira kudzera pa njira ya pa foni, ndipo ngakhale kuti mtengo wa dola unali wokwera kuposa wa kubanki, otumiza ndalamawo anandionetsa zonse zimene adule ndisanadine, ndipo zimene ananena ndi zimene zinafika. Achimwenewo anaika camshaft, ili m'bokosi lake, m'paipi yokhuthala ya pulasitiki, natseka mbali zonse ziwiri, n'kuipereka kwa ajenti ang'onoang'ono otumiza katundu pa ndege amene foni yawo amayankha ndi mwini wake. Mtengo anandiuza umodzi, wophatikiza zoombolera, nandilembera, ndipo sunasinthe. Anthu amenewa ndidzawagwiritsabe ntchito, ngakhale amadikira kuti katundu achuluke asanatumize.

Ngati mukuitanitsa magasiketi, maringi kapena timabawuti, ajenti a adiresi aja angakuthandizeni ndipo kuphatikiza kuli bwino. Koma pa camshaft, crankshaft, kabuleta kapena chilichonse chosweka, kanani, lipirani katoni yakeyake, ndipo funsani molemba ngati mtengo waphatikiza zoombolera ndi zosungira. Potsegula katoni jambulani vidiyo kuyambira tepi isanadulidwe.

Injiniyo tinaidzutsa patadutsa miyezi iwiri kuchokera tsiku limene ndinalonjeza. Tinaithira oyilo wokhala ndi zinc wambiri, monga mmene camshaft zamtundu wakale zimafunira, n'kuisiya ikulira pa 2,000 mpaka 2,500 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) kwa mphindi 20 kuti ma lifter akhazikike. Feteleza anafika kumudzi mvula itagwa kale, ndipo kalata yanga yomaliza kwa ajenti aja sinayankhidwebe.