Ndemanga: ndalama zakale za Chitaganya ndi za 1964 zomwe ndinagula ku Limbe

Amene mwakhala mukufunsa za bambo aja ogulitsa ndalama zakale zachitsulo ku Limbe, ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Katundu wawo ndi weniweni, sanamiza munthu pa chaka kapena mtundu wa ndalama. Koma akayamba ija yoti mukagula lero mudzalemera mawa, muzingogwedeza mutu basi. Dzina lawo sinditchula poti zina zomwe ndinene pano si zowakomera.

Ndinagula magulu awiri. Loyamba ndi la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha kumapeto kwa 1963, ngakhale ndalama zake zinayamba kutuluka mu 1955. Muli zonse zisanu ndi ziwiri. Hafu peni ndi peni n'zoboola pakati, ina ili ndi nyamalikiti ziwiri, ina njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Tiki ili ndi duwa, sikisipensi mkango, shilingi mphalapala, ya mashilingi awiri nkhwazi itagwira nsomba, ndipo half crown, ya mashilingi awiri ndi theka, ili ndi chizindikiro cha boma la Chitaganyalo. Zosaboolazi kuseri kwake kuli nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II akadali mtsikana.

Gulu lachiwiri ndi lomwe linandikoka mtima, ndalama zoyamba za Malawi za 1964 zokhala ndi nkhope ya Kamuzu. Sikisipensi ili ndi tambala, shilingi ili ndi chimanga chomanga mtolo, florin, ya mashilingi awiri, ili ndi njovu ndi mwana wake. Mukaziika pafupi ndi zomwe ambirife tinkagulira zitumbuwa ku pulayimale, mumazindikira msanga kuti kwacha itabwera mu 1971 sanayambirenso pachabe. Paundi imodzi inasanduka K2, ndiye shilingi inakhala 10 tambala ndipo chimanga chija chinasamukira pomwepo. Florin inakhala 20 tambala, njovu zija n'kutsatira. Half crown yokha ndiyo inasowa pokhala, chifukwa ndalama ya 25 tambala sinapangidwe. Izi anandifotokozera ndi madalawo, ndalama zitandandalikidwa pa nyuzipepala, ndipo apa ndiye ndiwayamikire: mbiri amaidziwa, ndipo satopa kufunsidwa. Mutha kukhala nawo ola lathunthu osagula kanthu, nkhope yawo osasintha.

Chinanso chomwe chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti nkhani zija zimayenda pa WhatsApp, zoti peni loboola azungu akuligula mamiliyoni kapena kuti lili ndi mphamvu zina zake, iwo amangoziseka. Anandiuza kuti, "Achimwene, likanakhala la mamiliyoni bwenzi mutandipeza ku Namiwawa, osati kuno." Anandilolanso kuyesa ndalama iliyonse ndi maginito komanso kasikelo kanga. Palibe inakakamira, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira, poti za nthawi imeneyo si zachitsulo chokoka maginito ngati tambala za zaka za pambuyo pake. Half crown ya Chitaganya inalemera magalamu 14.1, ndendende.

Tsono vuto loyamba, lomwe landichotsetsa nyenyezi yathunthu: amatsuka ndalama. Peni yanga ya njovu ikuwala ngati chogwirira chitseko cha ku hotela, ndipo mukaiyang'ana ndi galasi lokulitsa mumaona timizere tating'onoting'ono paliponse, makamaka pamsana pa njovu pomwe nsalu inkakhula kwambiri. Kwa munthu wofuna chokongoletsa pabalaza zimenezi zilibe kanthu. Kwa osonkhanitsa ndalama enieni, yotsukidwa ndi yowonongeka, ndipo mtengo wake umagwa. Kuda kuja kumene kumabwera ndi zaka ndiko amafuna. Nditawafunsa anati alendo ambiri amasankha zowala. Mwina n'zoona, koma munthu sungamuuze kuti akugula chuma cha m'tsogolo kwinaku utachikhula ndi Brasso.

Lachiwiri ndi buku losungiramo lomwe anandigulitsa pamodzi ndi ndalamazi. Timatumba take n'ta pulasitiki yofewa ija yonunkha. Mvula itayamba, chinyontho cha kuno ku Chilomoni chitakwera, hafu peni inayamba kuchita zobiriwira zomata m'mphepete mwa bowo. Pulasitiki ya mtundu umenewu imatulutsa mankhwala omwe amadya mkuwa. Bukulo musagule. Ine pano iliyonse ili m'kaenivelopu kake ka pepala, m'bokosi louma.

Nanga zoti ndi njira yosungira ndalama? Funsoli ndikulimvetsa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense akusaka chinthu chogwirika choti ndalama yake isasungunuke. Madalawa amagwira pomwepo. Koma ndalama za Chitaganya ndi za 1964 zinapangidwa zambirimbiri, zinali zogulira mchere ndi parafini, ndipo mpaka lero zimapezeka m'zitini za agogo. Mulibe siliva. Chinthu chikhala chakale sindiye kuti n'chosowa. Chomwe chimakweza mtengo ndi kuchepa kwa zomwe zinapangidwa chaka chimenecho komanso kusatha kwa ndalamayo, ndipo zambiri za pamalopa zinayenda m'manja mpaka tsitsi la mfumukazi linafufutika.

Komanso wogula mudzamupeza kuti? Ndinayesa kuonetsa gulu langa la 1964 kwa anyamata ogulitsa ziboliboli m'tauni muja, ndipo mtengo womwe ananditchulira sunafike ngakhale theka la womwe ndinalipira. Eni akewo nditawafunsa ngati angadzandigule, anaseka n'kunena kuti iwo amagula kumudzi. Osonkhanitsa ambiri ali kunja, ku Britain ndi ku South Africa, ndipo kuti katundu awafike pamafunika positi yodalirika ndi njira yolandirira ndalama, zomwe zimadya phindu lonse la peni imodzi.

Pali chimodzi chokha chomwe ndingati chikuyandikira mawu awo. Pansi pa tebulo ali ndi chitini china cha ndalama za Southern Rhodesia, zomwe zinkayendanso kuno ku Nyasaland Chitaganya chisanabwere. Kupatula peni ndi hafu peni, za 1932 mpaka 1942 ndi siliva wa magawo 92.5 pa 100, za 1944 mpaka 1946 siliva wake ndi theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo n'komwe, kupatula ndalama yachikumbutso ya mashilingi asanu ya 1953. Sikelo pano sikuthandizani, poti kulemera n'kofanana. Muziwerenga chaka. Ndinatengamo half crown ya 1937 ya nkhope ya Mfumu George VI, yakuda bwino, yosakhudzidwa ndi nsalu. Imeneyi ngakhale osonkhanitsa ataikana, siliva wake ali ndi mtengo womwe umatsata msika wa padziko lonse, osati kwacha. Chitinichi satulutsa pokhapokha mutafunsa, ndipo mitengo yake amaisintha dola ikayenda.

Kulipira n'kosavuta, amalandira Airtel Money ndi Mpamba, koma risiti sapereka, ndiye muzijambula ndalama zanu pomwepo mbali zonse ziwiri. Kunenerera mtengo amalola, makamaka mukatenga zingapo.

Ndidzapitakonso chifukwa ndikusaka crown (ndalama ya mashilingi asanu) ya 1966, ija inatuluka pokumbukira kuti Malawi wakhala ripabuliki. Ndawapempha kuti akaipeza asaitsuke. Avomera, koma ati ndiziimba foni Lolemba m'mawa, chifukwa katundu wochokera kumudzi amamutsuka tsiku lomwelo masana.